Nsomba ikameza mbedza mpaka kummero, tidule chingwe kapena tilimbane nayo?

Wapathanthwe
Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Ndimawedza m'nyanja ya mchere, nthawi zambiri ndili pamiyala, ndipo nyambo yanga imakhala nsomba yodula kapena shirimpu. Zondivutitsa ndi nsomba zing'onozing'ono zosafika msinkhu umene lamulo limalola. Zimameza nyambo yonse, moti ukasuzumira m'kamwa umangoona chingwe chikulowa kummero, mbedza osaoneka n'komwe. Ena akuti ndizidula chingwe n'kuibweza, mbedzayo idzatha yokha ndi dzimbiri. Ena akuti kumeneko n'kuipha pang'onopang'ono, bola kuichotsa ngakhale ivulale. Palinso amene akuti zonsezi zingathe nditamaphwanya kadzino kobwerera m'mbuyo kaja ka pa mbedza. Zoona zake ndi ziti? Sindifuna kumabweza nsomba yoti ikafera pansi.

Namondwe
Dulani chingwe. Musamachedwe nazo.

Kamphepo
Ine ayi. Nsomba idya bwanji chitsulo chili pammero? Ndimachotsa, ndipo zambiri zimasambira bwinobwino ndikaziponya.

Namondwe
Kusambira pamaso panu si umboni woti yapulumuka, a Kamphepo. Imakafa mawa lake inu muli kunyumba.

Gogo_wa_Mbedza
Mwachita bwino kufunsa, mwana wanga, safunsa anadya phula. Ndiyambe ndi mmene nsomba ilili m'kati, chifukwa yankho lagona pamenepo.

Mukaitsegula nsomba mudzaona kuti mtima wake suli kutali ndi pakamwa. Uli pansi pa mmero, kumbuyo pang'ono kwa makha, mopumira muja. Chiwindi chili pompo kuseri kwake. Mmero wokhawo ndi wofewa, ulibe fupa. Ndiye mbedza ikakola mmenemo, nsonga yake imakhala yayandikana ndi ziwalo zimene nsomba singakhale moyo zitaboka. Ikangokhala phee, bala lake ndi kabowo kamodzi. Koma inu mukayamba kukoka, kupotokola, kulowetsa chala, kutulutsa, kulowetsa pulayala, kabowo kaja kamasanduka chilonda chong'ambika, ndipo kadzino kamabwera ndi mnofu. Nthawi yonseyi nsomba ili kunja kwa madzi, siikupuma, dzanja lanu laifinya pamimba.

Akatswiri a boma oona za usodzi ku New South Wales, ku Australia, anayesa zimenezi pa nsomba za bream ndi mulloway zomeza mbedza. Zimene amazichotsa mbedza, 12 pa 100 zilizonse ndi zomwe zinkapulumuka. Zimene amangodula chingwe, zopulumuka zinkapitirira 85 pa 100. Ndipo mwa bream zodulidwa chingwezo, mpaka 76 pa 100 zinali zitataya mbedza zokha pomatha pafupifupi masabata atatu. Kusiyana kumeneku si kwapang'ono ayi.

Langizo langa n'lakuti ngati mbedza mukuiona bwino ndipo pulayala ikuifikira mosavuta, chotsani. Ngati mukungoona chingwe chikulowa mumdima, dulani pafupi ndi pakamwa, ibwerere m'madzi msanga.

Kamphepo
Agogo, ndamva. Koma zimenezo ndi mitundu iwiri ya nsomba. M'nyanja muli mitundu yosawerengeka.

Gogo_wa_Mbedza
Zoona, ndipo mitundu imasiyana kulimba. Koma palibe nsomba imene mtima wake uli kumchira. Chimene chimapha pochotsa mbedza yomezedwa n'chimodzimodzi kulikonse.

Dzimbiri
Ndikonzeko pang'ono nkhani ya dzimbiriyi, chifukwa anthu amaikamba mopepuka. Zoti mbedza imasungunuka m'masiku awiri kapena atatu si zoona. Tengani mbedza yanu, muiike m'botolo la madzi a mchere, muziiyang'ana. Idzachita dzimbiri pamwamba, koma kuti ithetheke pamatenga nthawi yaitali, makamaka ikakhala yokhuthala kapena yokutidwa ndi zoteteza. Zimene zimachitika kawirikawiri n'zakuti bala limakula pang'ono mozungulira chitsulo, mbedza n'kukhwefuka, nsomba n'kuilavula kapena kuitulutsira kumbuyo. Nthawi zina mnofu umangoikuta, nsomba n'kumakhala nayo choncho.

Komabe mtundu wa chitsulo uli ndi ntchito. Mbedza za stainless, chitsulo chija chosachita dzimbiri msanga, zimakhalitsa kwambiri. Ngati mukudziwa kuti pamalo amene mumawedza mudzadula chingwe kawirikawiri, gulani zachitsulo wamba, zopyapyala, zochita dzimbiri msanga. N'chifukwa chake ku Gulf of Mexico, nyanja ya kum'mwera kwa dziko la America, kuyambira mu 2008, lamulo la America limati wowedza nsomba za m'matanthwe a pansi pa nyanja monga snapper ndi grouper, ngati akugwiritsa ntchito nyambo yeniyeni, mbedza yake ikhale yozungulira, ya nsonga yopindikira m'kati, ndiponso isakhale ya stainless.

MaiNyambo
Ine ndimasiya kachingwe kotalika ngati chikhatho kali lende kunja kwa kamwa. Ndinaphunzitsidwa kuti kamathandiza mbedza kugona cham'mbali, chakudya n'kumadutsa.

Dzimbiri
Amayi, ena amatero ndithu. Ine ndimadula pafupi chifukwa chingwe cholendewera chimakola m'miyala ndi m'zomera za pansi, nsomba n'kudzikoka nayo mbedza ija. Chachikulu n'chakuti musasiye mtovu kapena waya wautali ukukwekwereka.

Wapathanthwe
Zikomo nonse. Nanga za kadzino zija? Ndikaphwanya, nsomba zisiya kumeza?

NdodoYaitali
Ayi achimwene, apa m'pamene ambiri amasokoneza zinthu ziwiri. Kadzino sikasankha malo amene mbedza ikole. Nsomba imameza mbedza yopanda kadzino monga mmene imamezera ina iliyonse. Chimene kuphwanya kadzino kumathandiza ndi potulutsa: mbedza imabwerera njira imene inalowera osang'amba mnofu, ndipo ntchito yomwe ikanatenga mphindi yathunthu imatha m'kuphethira kwa diso. Nthawi zambiri simuigwira n'komwe nsombayo. Mumangogwira mbedza ndi pulayala ili m'madzi momwemo, kutembenuza dzanja, yapita.

Koma kuti isameze, mankhwala ake ndi ena. Oyamba ndi mbedza yozungulira, ija amati circle hook, imene nsonga yake imapindikira m'kati kuyang'ana thunthu la mbedza. Nsomba ikaimeza n'kuyamba kuchoka, chingwe chimakoka mbedza kuchokera kummero. Poti nsonga yabisala, siikola pofewa paja, imangotsetsereka mpaka ifike pangodya ya kamwa, pomwe imatembenuka n'kugwira. Mukaivuula mumapeza mbedza ili pambali pa mlomo, poonekera.

Pali zinthu ziwiri zoti musamale. Choyamba, musakoke ndodo mwadzidzidzi ndi mwamphamvu ngati mmene timachitira ndi mbedza wamba. Mukatero mumaizula m'kamwa isanatembenuke. Mukamva kuti yatenga, dikirani ndodo iwerame, kenako muzingokulunga chingwe modekha mpaka chilimbe. Chachiwiri, poigula iikeni pathebulo. Ikagona fulati, ndi yabwino. Ngati nsonga yadzuka kupatukira kumbali, imeneyo imakolanso kummero, phindu lake lachepa. Musadzazenso nyambo pakati pa nsonga ndi thunthu, mpata umenewo ndi umene umagwira mlomo.

Kugombe la kum'mawa kwa America, kuyambira mu 2021, aliyense wowedza mongosangalala nsomba yotchedwa striped bass ndi nyambo yeniyeni amayenera kugwiritsa ntchito mbedza zotere, zosapatuka nsonga. Chifukwa chake n'chakuti akatswiri kumeneko amawerengera kuti 9 pa 100 za nsomba zobwezedwa zimafa, ndipo poti zobwezedwa zimakhala mamiliyoni, imfa zimenezo zimachuluka zedi.

Kamphepo
Ndinaziyesa zozungulirazo, nsomba zimangondipulumuka.

NdodoYaitali
Dzanja lanu linazolowera kukoka mwadzidzidzi. Ikani ndodo pachoikira, muisiye nsomba idzikole yokha, muone kusiyana kwake.

Chisisira
Ndiwonjezere chimene sichinatchulidwe. Nsomba zambiri zimameza chifukwa cha ife eni. Munthu waponya, watsamiritsa ndodo pamwala, chingwe chili lende, iye ali pa foni. Pomadzaona kuti ndodo ikugwedezeka, nsomba inayamba kalekale kudya. Gwirani ndodo m'manja, chala chikhale pachingwe, chingwe chikhale chokungika. Ndipo ngati tinsomba tating'ono tachuluka, kulitsani mbedza kuti tisathe kuimeza, apo ayi samukani pamalopo. Palibe chifukwa chokhalira pamalo amodzi kuvulaza ana a nsomba tsiku lonse.

Mmalinyero
Ine kuphwanya kadzino ndimakana, ndipo ndinena chifukwa. Ndimawedza pa boti, pakuya, ndi nyambo yamoyo. Kansomba kamoyo kamadzivula pa mbedza yosalala kasanafike n'komwe pansi. Komanso boti likamakwera ndi kutsika ndi mafunde, chingwe chimakhwefuka ngakhale usamale bwanji. Nsomba yodumpha ikapukusa mutu m'mwamba, mbedza imauluka. Munthu wayenda mtunda wautali panyanja, nsomba ya tsiku lonse n'kutayika chifukwa cha kadzino kamene unaphwanya wekha? Zimawawa.

MaiNyambo
Za nyambo yamoyo zili ndi njira yake, bambo. Dulani kachidutswa kakang'ono ka labala, mukabaye pa mbedza pambuyo pa nyambo. Kamatsekereza, nyambo siivuka.

Mmalinyero
Chabwino, za nyambo ndavomera. Nanga za mafunde?

Gogo_wa_Mbedza
A Mmalinyero akunena zoona, tisawatsutse pachabe. Mbedza yopanda kadzino imataya nsomba zina, makamaka chingwe chikakhwefuka. Amene amati palibe kusiyana kulikonse akukometsera. Chimene chimagwira nsomba pa mbedza yotere ndi kukungika kwa chingwe basi. Ndodo ikhale yowerama nthawi zonse, ndipo ndodo yofewa kunsonga imathandiza chifukwa imameza kugwedeza kwa mutu. Mukamatsitsa ndodo kuti mukulunge, yambani kukulunga musanatsitse.

Koma pali ubwino wina umene sautchula kawirikawiri. Mbedza yosalala imalowa mosavuta, chifukwa kadzino kamakulitsa bowo lofunika kuboola. Pa nsomba za kamwa lolimba, yopanda kadzino imalowa mpaka pokhota, pamene inzake imangoima theka.

Ndipo si nkhani ya masewera chabe. Ku British Columbia, ku Canada, owedza salimoni m'nyanja amalamulidwa kugwiritsa ntchito mbedza zopanda kadzino, chifukwa nsomba zina zimene amakola n'zoyenera kubwezedwa. Anthu kumeneko akuwedzabe ndipo akugwirabe.

Ine ndimachita chonchi: pamene ndikudziwa kuti zambiri ndibweza, ndimaphwanya. Pamene ndikufuna imodzi yopita nayo kunyumba ndipo zazing'ono sizikuvutitsa, ndimasiya kadzino koma mbedza ikhale yozungulira.

Kadziwotche
Ine ndikuona ngati tonse tikuzemba funso lenileni. Ngati mumaimvera chisoni nsomba, mukuikoleranji? Kuikola, kuitopetsa, kuijambula, kenako kuibweza, ndiye muziti mwaichitira chifundo? Wogwira n'kudya ndimamumvetsa. Uyu wobweza ndiye sindimumvetsa.

Namondwe
Funso linali la nsomba zosafika msinkhu. Lamulo likuti abweze. Atani?

Kadziwotche
Asiye kuwedza pamene pali zazing'ono.

Chisisira
A Kadziwotche, mfundo yanu si yopanda pake, ndipo pali mayiko amene amaganiza ngati inu. Ku Germany ndi ku Switzerland kuwedza ndi cholinga chongobweza sikuloledwa, chifukwa cha malamulo oteteza nyama. Koma ngakhale kumeneko, nsomba yaing'ono kapena yogwidwa nyengo yoletsedwa imabwezedwa. Palibe mbedza imene imawerenga msinkhu wa nsomba isanakole. Aliyense woponya chingwe m'madzi, kaya ndi wofuna kudya kaya wongosangalala, tsiku lina adzagwira imene sayenera kutenga. Pamenepo ndiye afunika kudziwa zimene tikukambiranazi.

Kadziwotche
Pamenepo ndagwirizana nanu. Koma zojambula zija zichepe. Nsomba ili m'manja mphindi zitatu anthu akusinthana foni.

Nthanda
Apa a Kadziwotche alasa. Ine lamulo langa ndi ili: nsomba ikatuluka m'madzi, nanenso ndimasiya kupuma. Ndikafuna mpweya, ndiye kuti nayonso yakwana, ibwerere. Mudzadabwa kufupika kwa nthawi imeneyo. Makha akakhala mumpweya amamatana, sagwira ntchito, ndipo nsomba imeneyi yangomaliza kumene kulimbana ndi mphamvu zake zonse.

Konzekeranitu musanaponye. Pulayala ikhale m'chiuno, osati pansi pa chikwama. Chodulira chingwe chikhale pomwepo. Manja anyowe musanaigwire, chifukwa choterera cha pakhungu chija ndi chimene chimaiteteza ku matenda, ndipo dzanja louma kapena nsalu youma imachichotsa. Musaigoneke pamwala wotentha kapena pamchenga. Musailendewetse ndi chibwano ngati ili yaikulu, ikani dzanja lina pansi pa mimba igone chopingasa. Zala zisalowe m'makha.

Wapathanthwe
Nanga ikamatuluka magazi? Dzulo ina inali ndi magazi akutsika m'makha, chingwe ndisanachikhudze n'komwe.

Mmalinyero
Imeneyo yafa kale. Ngati ili ya msinkhu wololedwa, ipheni msanga muitenge, iwerengedwe pa zimene mukuloledwa tsikulo. Kuibweza kuti mugwire ina yabwinopo n'kuwononga.

Gogo_wa_Mbedza
Theka loyamba sindikugwirizana nalo, lachiwiri ndi loona. Nsomba yotuluka magazi m'makha mwayi wake ndi wochepa, koma si zonse zimafa. Magazi pang'ono amatha kuleka ikabwerera m'madzi. Ngati akuchita kutumphuka motsatira kugunda kwa mtima, pamenepo mtsempha waukulu waduka. Yololedwa, tengani monga anenera a Mmalinyero. Yosaloledwa, bwezani ngakhale mtima ukuwawa. Lamulo linakhwima choncho dala, chifukwa likanalola kutenga zovulala, yaing'ono iliyonse bwenzi ikutchedwa yovulala. Ndipo ngakhale mwayi utachepa bwanji, m'madzi ulipo, m'chikwama mulibe.

Dzimbiri
Pali njira ina yochotsera mbedza yakuya imene ena amaidziwa, yodzera kumbali. Ngati diso la mbedza, pomangirira chingwe paja, likuoneka pakhomo pa mmero, mumatsegula chivundikiro cha makha pang'ono, n'kulowetsa pulayala yopyapyala kuseri kwa makha omaliza, osawakhudza. Mumagwira thunthu la mbedza n'kuligudubuza kuti diso liloze kumchira. Ikatembenuka choncho nsonga imasolokamo, ndiye mumaitulutsira kukamwa mutagwira pokhota. Pa nsomba ya kamwa lalikulu, ndi mbedza yopanda kadzino, zimatheka bwino kwambiri.

Nthanda
Njira imeneyo ndi ya manja ozolowera. Wongoyamba akalowetsa chitsulo pafupi ndi makha nsomba ikuphiriphitha, avulaza koposa. Ayesere kaye pa nsomba yakufa imene akupita nayo kunyumba.

Dzimbiri
Eya, ndipo pa tinsomba ta a Wapathanthwe mpata wake palibe. Kumeneko n'kudula basi.

Mafunde
Pepani ndipatukeko pang'ono. Ine chimene chinandichititsa kuyamba kuphwanya kadzino si nsomba, ndi munthu. Tinali pa boti, mnzathu akuchotsa nyambo yopanga ija ya mbedza za nsonga zitatu. Nsomba inapukusa mutu kamodzi, mbedza yakumbuyo n'kumulowa pachala chachikulu mpaka pokhota, yakutsogolo ikadali m'kamwa mwa nsomba. Taganizani, nsomba ikudumpha, chala chikupita nayo. Tinayamba taipanikiza nsombayo ndi thaulo lonyowa, n'kudula mphete yolumikiza ndi chodulira waya. Kadzino kanali katalowa, kubweza kunali kosatheka, ndipo ulendo unathera pomwepo kupita kuchipatala. Ikanakhala yosalala bwenzi titangoisolola, kutsuka, kumanga, n'kupitiriza.

Kuyambira pamenepo nyambo zanga zonse zopanga ndinazichotsa za nsonga zitatu n'kuika za nsonga imodzi. Zimathandizanso nsomba, chifukwa mbedza yachiwiri ija ndi imene imakola m'diso kapena m'makha pamene yoyamba ili pamlomo.

MaiNyambo
Pamene pali ana ndiye osakambirana n'komwe. Mwana akamaphunzira kuponya, mbedza imapita kulikonse. Zanga zonse zimene ana amagwira ndi zophwanya.

Kamphepo
Mbedza ikabaya munthu, pali njira ija yokokera ndi chingwe, kukanikiza diso la mbedza pansi n'kukoka kamodzi mwadzidzidzi. Imatuluka ngakhale ili ndi kadzino.

Mafunde
Ilipo, ndipo imagwira pamnofu wamba. Koma osayesa pafupi ndi diso, pakhosi, pamfundo ya chala kapena pamene pali mtsempha. Zimenezo n'za achipatala. Ndipo bala la mbedza ya m'madzi a mchere musalipeputse. Litsukeni bwino, muonetsetse kuti katemera wa kafumbata ndi wosapitirira nthawi, ndipo likayamba kufiira, kutupa ndi kutentha, thamangani. M'madzi ofunda a m'nyanja mumakhala tizilombo totchedwa Vibrio timene timafalikira mwamsanga kwambiri.

Namondwe
Tabwererani ku nsomba, abale.

Mmalinyero
Ndibwerere ndi funso langa. Kwathu kuno pa boti vuto si kumeza kokha. Nsomba ya pansi ikafika pamwamba, maso atuluka, mimba yafufuma, ndipo m'kamwa mwatuluka chinthu chofiirira ngati lilime lalikulu. Mbedza ili pamlomo bwinobwino, koma ukaibweza imangoyandama, mbalame n'kuyamba kuijompha. Ena amaboola chotulukacho. N'zolondola?

Gogo_wa_Mbedza
Musaboole chimenecho, chonde. Ndi chifu cha nsomba, chakankhidwira kunja. Mukachiboola mwaboola njira ya chakudya.

Chimene chachitika ndi ichi. Nsomba zambiri zili ndi kathumba ka mpweya m'mimba kozithandiza kuyandama pamlingo umene zikufuna. Mamita 10 aliwonse opita pansi, kupanikiza kwa madzi kumawonjezeka ndi mlingo wofanana ndi wa mpweya wonse wa pamwamba pano. Ndiye nsomba yochokera pa mamita 10, mpweya wake umafufuma kawiri pofika pamwamba. Yochokera pa mamita 30, kanayi. Kathumba kamatupa kapena kuphulika, mpweya n'kudzaza m'mimba, n'kukankha chifu ndi maso.

Njira yabwino ndi kuibweza pansi msanga. Pali zipangizo zake, koma mukhoza kupanga nokha. Tengani mbedza yaikulu, muphwanye kadzino, muimangirire mozondoka ku mtovu wolemera, chingwe chimangidwe pokhota pa mbedza. Muikoleke pamlomo wa nsomba, muitsitse ndi ndodo ina. Ikafika pansi mpweya uja umapanikizika, chifu chimabwerera, ndipo mukakoka chingwe kamodzi mbedza imasolokamo. Apa ndiye mbedza yosalala ilibe mnzake. Ku Gulf of Mexico kuja, mu Januwale 2022 linayamba kugwira ntchito lamulo lakuti boti lowedza nsomba za m'matanthwe m'madzi a boma lalikulu la America lizikhala ndi chipangizo chotsitsira kapena singano yotulutsira mpweya, chili chokonzeka kale.

Singanoyo ndi yobowoka m'kati, ndipo imalowa m'mbali mwa nsomba kuseri kwa chipsepse cha pachifuwa. Imafuna munthu wodziwa malo ake. Mpeni kapena nsonga ya mbedza si singano. Ngati simunaphunzitsidwe, tsitsani ndi mtovu.

Mmalinyero
Zikomo agogo. Mtovu ndili nawo wambiri, ndipanga chimenechi. Ndiye kuti mbedza imodzi yophwanya ikhalamo m'boti langa.

Chisisira
Shaki ilibe kathumba kameneka, ndiye siifufuma. Koma pa shaki ndi nsomba zina za mano, nkhani yolowetsa dzanja isabwere n'komwe. Chochotsera chachitali, apo ayi dulani waya pafupi ndi kamwa mmene mungathere mosaika dzanja pangozi, ili m'madzi momwemo. Musaikokere pamtunda. Chimodzimodzi nsomba yafulati ija ya munga kumchira, imakwapula mofulumira kuposa mmene mungaganizire.

Nthanda
Kamba wa m'nyanja ndiye nkhani ina. Akakodwa musamukweze ndi chingwe, ndipo ngati wameza musakoke. M'mayiko ambiri ndi wotetezedwa ndipo pamakhala nambala ya oteteza nyama yoimbira. Idziweni musanapite kunyanja.

Kamphepo
Ndamva zonse, koma ndinenebe kuti ine mtima sundilola kuona nsomba ikupita ndi chitsulo m'mimba. Ndimaona ngati ndaisiyira ntchito yanga.

NdodoYaitali
Mtima umenewo ndi wabwino, achimwene, ndipo ndi umene watisonkhanitsa pano. Koma taonani chimene chimachitika. Mukachotsa mbedza, inu mumapepukidwa chifukwa mukuiona m'dzanja lanu. Nsomba ndiyo yapita ndi mmero wong'ambika umene inu simukuuona. Mukadula, inu mumatsala ndi nkhawa, nsomba n'kupita ndi kabowo kamodzi ndi mphamvu zake. Ngati nkhawayo ikukuvutani, ithereni kumayambiriro: mbedza yozungulira, yopyapyala, yosakhala stainless, kadzino kophwanya, ndodo m'manja. Mukatero zomeza zidzachepa kwambiri, ndipo imene mwadula chingwe idzailavula mosavuta poti palibe choigwira.

Kamphepo
Yozungulira yophwanyanso kadzino? Siingavuke imeneyo?

NdodoYaitali
Ndiyo imavuka mochepa pa zophwanya zonse. Kupindika kwake kumakoleka pangodya ya kamwa, kadzino kamangothandizira. Poichotsa musakoke molunjika, igudubuzeni motsatira kukhota kwake.

Wapathanthwe
Ndaphunzira zambiri. Funso lomaliza, laling'ono. Kuphwanyako mumachita bwanji kuti mbedza isathyoke? Ndipo pobweza, ndiziyendetsa nsomba kutsogolo ndi kumbuyo m'madzi monga ndimaonera ena?

Dzimbiri
Gwiritsani pulayala ya kamwa losalala, yopanda mano. Ilowetseni motsata nsonga, osati mopingasa, ndipo finyani pang'onopang'ono mpaka kadzino kagone kapena kathyoke. Mukafinya mopingasa mumatha kupinda nsonga kapena kuifooketsa pamene inatemedwa. Chitani zimenezi musanamange mbedza pachingwe, kuti ikathyoka musataye mfundo. Poyesa, ibayeni pansalu n'kuisolola. Ikakoka ulusi, kadakalipo, finyaninso kapena palani ndi tupa. Pakatsala kanthunthumira kosalala palibe vuto, kamathandizanso kugwira nyambo. Koma ngati muli kumene lamulo limafuna mbedza yopanda kadzino, onetsetsani kuti kagona kotheratu.

Nthanda
Kumbuyo ayi. Madzi amayenera kulowa kukamwa n'kutulukira m'makha, ndiye kuikokera chambuyo sikuithandiza. Igwireni mofatsa ili chilili, mutu uloze kumene madzi akuchokera, kapena muiyendetse kutsogolo kokha mozungulira. Mudzamva mchira ukuyamba kukankha m'dzanja, pamenepo tsegulani. Poti inu muli pamiyala, samalani ndi mafunde pamene mwawerama, ndipo sankhiranitu malo otsika obwezerapo musanayambe kuwedza. Ngati mwala ndi wautali, itsitseni ndi ndowa ya chingwe kapena kaukonde ka labala m'malo moiponya kuchokera pamwamba.

Mafunde
A Mmalinyero, mukapanga chotsitsira chija mutiuze kulemera kwa mtovu umene wakwanira. Grouper yaikulu yofufuma imakana kumira, ndipo ndikufuna kudziwa ngati mtovu umodzi ukutheka kapena mpaka kuphatikiza iwiri.

Mmalinyero
Ndiyamba ndi iwiri yomangirira pamodzi, ndidzachotsa umodzi ndikaona kuti ikutsika mothamanga kwambiri. Ndidzalemba pano.